Ambulera ya Mfumu Kafikeliti

M'dziko la Tidikirebe, limene likulu lake ndi Alim'njira, chinthu sichiyamba kugwira ntchito Mfumu isanachitsegulire. Mlatho ukhoza kutha bwinobwino, simenti n'kuuma gwa, koma anthu amawolokabe mtsinje atakwinya mathalauza mpaka tsiku limene Mfumu Kafikeliti Wachitatu idzabwere kudzadula riboni. Mjigo wina unachita dzimbiri ukudikira sizasi. Ndipo musaganize kuti anthu a kumeneko amadandaula, ayi ndithu. Iwo amati madzi osatsegulira sathetsa ludzu.

Palinso lamulo la mthunzi. Pa msonkhano wa Mfumu, mthunzi wonse ndi wa Mfumu. Iyo imakhala pansi pa ambulera yaikulu yamphonje zagolide, nduna zimakhala m'tenti poti ati nduna ndi ziwalo za thupi la Mfumu, ndipo anthu wamba amaima padzuwa opanda chipewa kuti chikondi chawo chioneke ndi thukuta. Nthawi yofikira Mfumu saifunsa. Ku Tidikirebe Mfumu sichedwa, anthu ndiwo amafulumira.

Tsono pa msika wa Tionamawa panali mayi wina wogulitsa nthochi, a Nangozo, amene pakamwa pawo panali potchuka kuposa nthochi zawozo. Wokhometsa msonkho ankachita kulambalala benchi lawo. Koma gawo lalikulu la pakamwapo linkagwera amuna awo, a Gelesomu, telala wa pakhonde la sitolo yoyang'anizana ndi msikawo.

"A Gelesomu!" ankafuula a Nangozo msika wonse ukumva. "Kolala imeneyo mwasokera munthu kapena ng'ombe?"

A Gelesomu ankangoseka, phazi lili pa makina. Anali atakalipiridwa chiyambire ukwati wawo, ndipo ankanenepa nako.

Chaka chimenecho a Nangozo anatuluka kachilonda m'kati mwa tsaya. Anayesa madzi a mchere, anayesa mapemphero, kachilonda kaja n'kusanduka chotupa. Kuchipatala cha Pepani anati ndi khansa. Kuyankhula kunayamba kuwapweteka, ndiye anangosiya. Abale, nyumba ija inazizira. A Gelesomu anayamba kulakwa dala: kusiya nsapato pakhomo, kupukutira manja pa katani, kuvala malaya chogadamiza. A Nangozo ankangowayang'ana n'kutembenukira kukhoma. Munthu wamkulu uja anachita mantha, mantha enieni.

Mwayi unali wakuti kuchipatalako kunali kutangofika dokotala wachizimayi, a Nachisale, amene anabwera ndi mankhwala atsopano kuchokera kumene anakaphunzira.

"Mankhwala ake ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa nano," anatero a dokotala powafotokozera awiriwo. "Maso sangatione. M'kadontho kamodzi muli tambirimbiri."

"Ngati utitiri wa nkhuku?" anafunsa a Gelesomu.

"Utitiri ndi njovu poyerekeza, bambo, komabe tiyeni tiutche utitiri. Ndikaubaya m'magazi umayenda thupi lonse, koma wambiri umakaunjikana m'chotupamo. Pawokha ulibe mphamvu, umangogona. Ukatha kusonkhana ndimawalitsa nyali yofiira pa chotupa chokhacho. Kuwalako kumaudzutsa, ndipo ukadzuka umapha khansa pamene ulipo, mnofu wabwino n'kutsala."

"Basi? Popanda mpeni?"

"Popanda mpeni. Koma walira mvula walira matope. Utitiri wina umatsalira pakhungu kwa masabata ambiri. Dzuwa likangowaomba amayiwa, umenewonso udzuka, ndipo khungu lipsa ngati awathira madzi owira. Chinanso, sukhalitsa m'chotupamo. Ndikawabaya lero, nyali iyenera kuyaka mawa dzuwa lisanalowe. Tikachedwa utuluka wonse, ndipo botolo lomwe chipatala chino chili nalo ndi lokhali."

A Nangozo anagwedeza mutu n'kutambasula mkono. Jakisoni analowa.

Apa ndi pamene a dokotala analakwa. Anakhalitsa kunja mayiyu, mpaka anafika poganiza kuti nyali ndi nyali basi, ukafuna umangoyatsa. Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kunyumba yachifumu, ndipo anaitanidwa kukaonekera ku bwalo la nduna.

Woyamba kuyankhula anali Nduna ya Zotsegulira ndi Mariboni, a Pomaliza. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Anthu anawapatsa limeneli chifukwa akati "pomaliza" pa msonkhano, amayi ankatuma ana kukatenga mikeka.

"Mayi dokotala," anatero a Pomaliza, "tamva kuti mukufuna kuyatsa chitukuko mobisa. Tationetsani utitiriwo kuti tione pomanga riboni."

"Suoneka ndi maso, bwana."

Nduna ina yokalamba inavula magalasi n'kuwapukuta.

"Chitukuko chosaoneka?" anadabwa a Pomaliza. "Chimenecho tili nacho kale chambiri, mayi, ndipo chonse chinatsegulidwa mwadongosolo. Nanga anthu adziwa bwanji kuti wawapatsa ndi Mwini Dziko? Kodi sizingatheke kudinda nkhope ya Mfumu pa kautitiri kalikonse?"

Anakambirana zimenezi mozama. Ena anati nkhope ya Mfumu singachepetsedwe chotero, ndi chipongwe. Ena anati vuto ndi lakuti utitiriwo umadzatuluka m'thupi, ndipo njira yotulukira si yoyenera nkhope yachifumu. Mfundoyo inagwa pamenepo. Mapeto ake anagwirizana kuti riboni imangidwe pachitseko cha chipinda cha nyali, Mfumu idzaidule mawa m'mawa, ndipo wodwala woyamba adzaime kutsogolo kwa khamu kuti dziko lione munthu amene Mfumu yamuchiritsa.

"Sangaime padzuwa, mabwana," anachonderera a dokotala. "Apsa. Mulole akhale m'tenti, ngakhale kumbuyo kwenikweni."

Nduna ya Mithunzi, a Mthunziwanga, inadzuka ikunjenjemera masaya. "Wogulitsa nthochi m'tenti? Lero akalowa wa nthochi, mawa abwera wa makala, mkuja dziko lonse lili mumthunzi. Ndiye Mfumu idzasiyana bwanji ndi anthu? Ngati vuto ndi dzuwa, dzuwalo tilichenjeza."

Ndipo analichenjezadi. Madzulo amenewo wailesi ya Liwu la Tidikirebe inalengeza kuti, mwa lamulo la Mfumu, mawa dzuwa liwale mwaulemu.

Kumsika anthu anamva chilengezocho akulongedza katundu.

"Koma dzuwalo lili ndi wailesi?" anafunsa wogulitsa matemba.

"Likapanda kumva alimanga," anayankha wa makala. "Apolisi athu sasankha."

A Gelesomu okha sanaseke. Anakhala pa benchi la akazi awo manja ali m'masaya. Akapanda kupita nawo ku mwambowo, riboni sidulidwa ndipo nyali siyaka. Akapita nawo, dzuwa la mwezi wa Okutobala liwawotcha amoyo. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, njira osaiona.

Amene anaiona anali a Nasibeko, mayi wa zitumbuwa, mnzawo wa a Nangozo wa benchi loyandikana.

"Alamu, musalire," anatero. "Lamulo laletsa chipewa ndi ambulera. Koma munamvapo wapolisi akuvula munthu nkhope ya Mfumu?"

Muyenera kudziwa kuti ku Tidikirebe mwambo uliwonse umabwera ndi chitenje chake chokhala ndi nkhope ya Mfumu, ndipo mayi aliyense ali ndi mulu wa zitenjezi m'sutikesi. M'mawa mwake amayi a pamsika anabwera nazo. Anawakulunga a Nangozo kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi, poyamba chitenje chakalekale chofewa, kenako china pamwamba, china pamwamba, n'kungosiya kampata kopumira. Atamaliza, a Nangozo ankaoneka ngati mtolo wa kaunjika woimitsa. Wapolisi wa pachipata atawaona anaima njo n'kuchita sawasha.

"Chikondi chotere sindinachione," anatero. "Aikeni kutsogolo kwenikweni."

Dzuwa, mwachionekere, silinamvere wailesi. Linatuluka lili ndi ukali wake wonse. Anthu anaima pabwalo la chipatala, magule anavina mpaka fumbi linatopa, ndipo wolengeza ankati akapumapuma n'kufuula kuti, "Ali m'njira!" A Gelesomu ankalowetsa kabotolo ka madzi pa kampata kaja n'kumanong'oneza, "Muli bwanji m'katimo, mayi?" Mtolo unkangogwedezeka pang'ono. A dokotala anaima pafupi ndi chitseko chomangidwa riboni, maso ali kumwamba, akuona dzuwa likufika paliwombo n'kuyamba kutsetsereka.

"Bwana, nthawi ikutha," a dokotala anauza a Pomaliza. "Utitiri uja sudikira."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anayankha a Pomaliza ali m'tenti, akuyamwa fanta ndi kapaipi.

Mfumu inafika mithunzi itayamba kutalika, koma dzuwa likadaluma. Inatsika m'galimoto, wonyamula ambulera ali pambuyo pake, ndipo a Pomaliza anayamba kuyankhula. Anayambira pa agogo ake a Mfumu. Anafotokoza za mlatho, za mjigo, za mvula ya chaka chatha imene inagwa chifukwa cha utsogoleri wanzeru. Anati "pomaliza" koyamba, amayi n'kukhala pansi. Anati "pomaliza" kachiwiri, a dokotala n'kuluma mlomo.

Tinene zoona, Mfumu Kafikeliti sinali munthu woipa mtima. Vuto lake linali lakuti chibadwire sinauzidwepo kanthu. Ndiponso inkatopa ndi zoyankhula za a Pomaliza ngati wina aliyense. Ikuyasamula choncho, maso ake anagwera pa chinthu chokutidwa ndi nsalu chili chiimire kutsogolo kwa khamu. Moyo wake wonse, chinthu chokutidwa ndi nsalu chinkatanthauza chimodzi: mwala wa chikumbutso woti iuvundukule. Inadzuka, ambulera ikuitsata, n'kukagwira nsonga ya chitenje.

Inakoka. Pansi pake panatuluka nkhope ya Mfumu yomweyo, ya chaka chotsegulira mlatho.

"Ha!" inatero Mfumu, n'kukokanso. Panatuluka ina, ya masaya ocheperako. Inakokanso, panatuluka ina ya ndevu zakuda. "Taonani, a Pomaliza! Apa ndinali ndi tsitsi!"

Nduna zinaomba m'manja. Mfumu inakondwa ngati mwana, ikusenda chitenje ndi chitenje, ikubwerera ku unyamata wake. Amayi a pamsika anagwira pakamwa. A dokotala anafuula kuti, "Mfumu, musatero!" koma mawu awo anamira m'ng'oma. Wonyamula ambulera ankasamala kuti mthunzi ugwere Mfumu yokha, monga mwa ntchito yake. Mtolo uja unkaphwa, unkaphwa, mpaka panatsala chitenje chakale chija, chopyapyala ngati sefa, cha tsiku limene Mfumu inalongedwa ufumu. Dzanja la a Nangozo linatulukira poyera, ndipo a Gelesomu analiona likufiira pomwepo.

A Gelesomu anali munthu woti chibadwire sanatsutsanepo ndi wina, ngakhale kasitomala wokana kolala. Koma anangozindikira atalumpha chingwe chotchinga khamu, atatsomphola ambulera yachifumu m'manja mwa woinyamula, n'kuidzika pamwamba pa akazi awo.

Ng'oma zinaleka. A Pomaliza anatsala kukamwa kuli yasa, "pomaliza" wachitatu ali pakhosi.

Mfumu inaima yokha pabwalo, mutu wake wadazi uli pamtetete. Inaphethira. Inagwira padazi paja n'kuchotsa dzanja msanga.

"Chikundiwotchachi n'chiyani?" inafunsa.

Nduna zinayang'anana. Palibe inafuna kukhala yoyamba kudziwa.

"Ndi dzuwa, Mwini Dziko," anayankha a Nasibeko ali m'khamu.

"Dzuwa? Limakhala chonchi?"

"Apa ndiye lafatsa. Mukanaliona masana."

"Ndipo inu mwaimapo kuyambira liti?"

"Kuyambira nthawi ya bambo anu, Mwini Dziko."

Apolisi anali atafika kale pa a Gelesomu, koma anasowa pogwira, poti kumenya munthu wogwira ambulera yachifumu n'kugwedeza ambulerayo. A Gelesomu anagwada, mikono ili m'mwamba kuti mthunzi usasunthe.

"Mwini Dziko, ndipheni mawa," anatero. "Uyu si mwala, ndi mkazi wanga. Ali ndi khansa m'kamwa. M'thupi mwake muli mankhwala odzuka ndi kuwala, ndipo dzuwali limuwotcha. Nyali yomuchiritsa ili kuseri kwa riboni yanuyo. Dzuwa likalowa isanayake, basi, ndamutaya. Ine ndilibe wina."

"Kuukira ufumu kumeneku!" anakuwa a Mthunziwanga. "Lamulo likuti ambulera iphimbe Mfumu!"

Mfumu inayang'ana dzanja lofiira lija. Inayang'ana khamu la anthu onyezimira thukuta, inayang'ananso ojambula zithunzi, pakuti mfumu ndi mfumu basi. Kenako inawerama n'kulowa pansi pa ambulera, pambali pa a Nangozo.

"Yandiphimba," inatero. "Lamulo lili ndi mawu enanso? Bambo iwe, dzuka, utitsate. A Pomaliza, bweretsani sizasi."

"Mwini Dziko, ndisanafike pa sizasi, ndimati pomaliza..."

"Mwamaliza."

Akuluakulu a ku Tidikirebe amati chiyambire dziko lawo riboni sinadukepo mwamsanga chotero. A dokotala analowetsa wodwala wawo, anakankha chitseko ndi phazi nduna zisanalowe, ndipo pa kampata ka pansi pa chitsekocho anthu anaona kuwala kofiira. Dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza phiri. A Gelesomu anakhala pansi pakhonde, ambulera yachifumu ili pamiyendo, osadziwa woibwezera.

Musaganize kuti dziko linasintha. M'mawa mwake wailesi inalengeza kuti Mfumu, mwa nzeru zake zakuya, yatulukira kuti dzuwa limatentha. Bwalo la nduna linakhazikitsa Tsiku la Mthunzi, loti chaka chilichonse anthu azisonkhana pabwalo la chipatala kukumbukira chifundo cha Mfumu, ataima padzuwa monga mwa mwambo. Chitenje chake chinatuluka sabata yomweyo.

"Bola chitenje," anatero wa makala kumsika. "Tsopano tadziwa ntchito yake."

Mlandu wa a Gelesomu unavuta oweruza. Kuwamasula kukanaphunzitsa anthu kutsomphola maambulera. Kuwamanga kukanaipitsa chithunzi chawo ndi Mfumu chimene chinali kale pa chitenje. Komanso ambulera yogwiridwa ndi telala sikanabwereranso pamutu pa Mfumu. Ndiye anagamula kuti, popeza a Gelesomu anaifuna okha ambulerayo, aisenze: kulikonse kumene akazi awo apite, iwo azitsata pambuyo ataitambasula, mpaka a dokotala adzanene kuti utitiri watha m'thupi. A Mthunziwanga anati chilango chimenechi chikhale phunziro kwa amuna onse.

A Nangozo anakhala m'nyumba yotseka makatani kwa masabata angapo. Tsaya linatupa, kenako linaphwa. Chotupa chija chinada n'kuyamba kufota. A dokotala anati zikuoneka bwino, ngakhale aziwaonabe pafupipafupi, poti khansa sitsanzika msanga. Koma mawu sanabwere. A Gelesomu ankasiyabe nsapato pakhomo, ndipo m'mawa ankazipeza pomwepo.

Tsiku lobwerera kumsika linafika. A Nangozo anali patsogolo, dengu la nthochi lili pamutu. Pambuyo pawo a Gelesomu ankavutika ndi chiambulera chija, mphonje zagolide zikuwakwapula kumaso, mphepo ikuwakokera uku ndi uku. Msika wonse unaima kuonerera, wapolisi wa pamphambano n'kuchita sawasha mwachizolowezi.

Atafika pakati penipeni pa msika, a Nangozo anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, anayang'ana ambulera, anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mawu anatuluka osasa, koma anamveka mpaka kwa ogulitsa matemba.

"A Gelesomu! Mthunzi uli uko, ine ndili kuno. Mukuphimba ine kapena nthochi za a Nasibeko? Munthu wamkulu kulephera ndi ambulera yomwe!"

"Zitumbuwa, mayi," anatero a Gelesomu. "A Nasibeko amagulitsa zitumbuwa."

"Ndiye mukunditsutsa?"

A Gelesomu anamwetulira. Misozi inangoti mbwembwembwe, kutsikira m'kolala yawo yokhota. Anaipendeketsanso ambulera ija pang'ono, dala.

"Tanenaninso, mayi," anatero. "Sindinamve bwino."